Makoko a .308 osakanikirana: ndisankhe ati, ndipo ndingawadzazenso kangati?

Mphalapala308:

Moni akuluakulu nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumadzaza nokha zipolopolo kuno ku South Africa. Mfuti ndi .308 Winchester ya bolt, ya laisensi, yosakira nswala ndi ngoma komanso kuombera chandamale pa mamita 100 mpaka 300. Puresi yodzazira, madayi a full-length (zitsulo zofinyira khoko lonse kuti libwerere pa kukula kwake), sikelo ndi vernier yoyezera kutalika zonse zilipo. Chomwe chandiimitsa mutu ndi makoko, a mkuwa aja otsala chipolopolo chikaombedwa.

Ndili ndi milu iwiri. Woyamba ndi makoko 60 a kampani ya PMP ochokera m'mabokosi atsopano, onse anaombedwa kamodzi m'mfuti yomweyi. Wachiwiri ndi thumba la makoko pafupifupi 300 otoledwa pamalo oombera. Muli Winchester, Federal, Sako, PMP, ndipo ena alibe dzina, ali ndi manambala okha ndi kamtanda kali m'kati mwa kabwalo. Ena ada, ena ali ndi mawanga obiriwira.

Kodi ndingawasakanize onsewa? Oyenera kutaya ndiwadziwa bwanji? Nanga khoko limodzi limadzazidwa kangati lisanakhale loopsa?

Namkuwa:

Achimwene, yambani ndi 60 anuwo, thumbalo liyambe lakhala pambali. A PMP aja mbiri yawo mukuidziwa: kampani imodzi, aphulika kamodzi, ndipo anafufuma motsatira chemba cha mfuti yanu, malo omwe chipolopolo chimakhala poombedwa. A m'thumba simukudziwa kuti eni ake anawasiyiranji. Munthu wodzaza yekha sasiya khoko labwino pansi, amalitola likadali lotentha. Akalisiya ndiye kuti latopa. Otoledwa abwino ndi a anthu ogula zipolopolo m'sitolo basi, ndipo amenewo amadziwika: pakamwa pa khoko sipanapalidwe, pathunthu palibe timizere ta dayi, ndipo ena amakhala akadali ndi kautoto kofiira kapena kobiriwira kuzungulira pulaima, kachitsulo ka patsinde koyatsa wonga.

Posankha m'thumbamo, yambani ndi maginito. Lililonse lokakamira ndi lachitsulo, ngakhale litapakidwa mtundu wa mkuwa pamwamba. Limenelo chotsani.

Kenako tengani tochi muunike m'kati mwa khoko lililonse, osadumphako. Mukaona bowo limodzi pakatikati, limenelo ndi la Boxer, ndi lomwe madayi anu anapangidwira. Mukaona timabowo tiwiri tating'ono m'mbali, limenelo ndi la Berdan. Khoko la Berdan lili ndi kaphiri kake pakati pa malo a pulaima, ndiye kapini kochotsera pulaima kakatsika kamagunda mkuwa wolimba n'kupindika kapena kuthyoka. Zipolopolo zambiri zakale za asilikali kuno zinali za Berdan. Mapulaima ake ndi osiyana kukula ndi a Boxer ndipo amavuta kupeza, choncho musadzivutitse nawo.

Kamtanda m'kabwalo ndi chizindikiro cha NATO, kutanthauza 7.62x51. Kunja kwake n'chimodzimodzi ndi .308, koma pali zinthu zitatu. Choyamba, mkuwa wake kawirikawiri ndi wokhuthala, ndiye malo a wonga m'kati ndi ochepa. Wonga womwewo m'malo ochepa umakweza pulesha. Chachiwiri, pulaima wake anamupanikiza ndi kamkombero kuti asagwe mfuti ikamathamanga. Mukachotsa pulaima wakale, kamkomberoko kamatsala, ndipo watsopano salowa, amaphwanyika kapena kulowa chopendekera. Pamafunika kukapala kapena kukaphwatalalitsa ndi chida chake, khoko lililonse kamodzi. Chachitatu, ngati linaombedwa m'mfuti ya asilikali ya chemba chotakasuka, patsinde limakhala litafufuma kwambiri moti dayi wamba siilibweza mokwanira, bolt yanu n'kukana kutseka.

Werengani zolembedwa patsinde pa lililonse. Makoko a .243 Winchester, 7mm-08 ndi .260 Remington anachokera ku khoko la .308, ndipo ali mumulu diso silisiyanitsa. Komanso dziwani kuti chidindo chimatha kunama, chifukwa ena amatenga khoko la .308 n'kulichepetsa khosi kuti likhale la mfuti ina. Vernier pakamwa imathetsa mkangano.

Za mtundu: kuda kokha si vuto, ndi mkuwa wokhalitsa. Vuto ndi mawanga obiriwira otupa, kapena ofiirira ngati kopa. Mkuwa wa makoko ndi magawo 70 kopa ndi magawo 30 zinki. Pamene pafiira ndiye kuti zinki wachoka ndipo pafooka. Palani ndi kampeni pang'ono. Likachoka n'kusiya posalala, palibe kanthu. Pakatsala kadzenje, tayani. Ndipo khoko lililonse looneka kuti linapsa ndi moto wa tchire, lamwaye kapena la mitundu ya utawaleza mpaka kutsinde, musaliganizire n'komwe. Moto umafewetsa tsinde, ndipo tsinde lofewa silipirira pulesha.

Otsalawo agaweni potsatira kampani. Musasakanize, chifukwa kukula kwa m'kati kumasiyana. Mutha kudzionera nokha: tengani makoko asanu a kampani iliyonse, oombedwa m'mfuti imodzi, pulaima wakale akadali momwemo. Yezani lililonse pasikelo lili louma, lidzazeni madzi ndi jekeseni mpaka madzi alingane ndi pakamwa, yezaninso, n'kuchotsera. Khoko la .308 limatenga madzi pafupifupi magreni 56 (greni ndi muyezo wa pa sikelo ya wonga), koma a asilikali amatha kuchepa ndi greni imodzi kapena awiri. Kusiyana kotereku kumasuntha pomwe chipolopolo chikugwera pa mamita 300, ndipo ngati muyezo wanu wa wonga uli kale pafupi ndi malire, kumatha kuupitiriza malirewo. Mukasintha mtundu wa khoko, bwererani pa muyezo woyambira wa m'buku, mukwere pang'onopang'ono ngati mukuyamba kumene.

Tsinde7x57:

A Namkuwa anena zonse za kusankha. Ine ndilowe pa funso la kangati, chifukwa yankho lake silili pa dzina la kampani kwenikweni. Lili pa momwe mwakhazikitsira dayi yanu.

Taonani zomwe zimachitika mukakoka chala. Pini ikamenya pulaima imakankhira khoko kutsogolo mpaka phewa lake ligunde phewa la chemba. Wonga ukayaka, pulesha mu .308 imatha kufika cha m'ma 60,000 psi. Makoma a kutsogolo ndi opyapyala, amafufuma msanga n'kukakamira chemba. Tsinde ndi lokhuthala, silikakamira, limabwerera m'mbuyo mpaka litagunda nkhope ya bolt. Kutsogolo kwagwira, kumbuyo kwasuntha, ndiye pakati pakukokeka. Malo okokekawo ndi amodzi nthawi zonse: pamwamba pang'ono pa tsinde, pomwe mkuwa wokhuthala umayamba kupyapyala. Mpata umene munasiya pakati pa phewa la khoko ndi phewa la chemba ndi womwewo umene khoko lidzakokeke nawo.

Tsono malangizo ambiri a m'bokosi la madayi amati tsitsani dayi mpaka igunde shell holder, kachitsulo kogwira tsinde la khoko pa puresi, muwonjezeko pang'ono. Mukatero khoko limalowa m'mfuti iliyonse ya .308, koma phewa limatha kubwerera m'mbuyo mamilimita 0.15 kapena 0.2 kuposa momwe chemba chanu chikufunira. Muombe, likokeke. Mulibweze, mkuwa wotsalawo dayi imaufinyira kutsogolo, khosi litalike, mulidule. Mkuwa umene mukudula pakamwa wachokera kutsinde kuja. Kanayi kapena kasanu, khoko limaduka pawiri: tsinde limatuluka ndi bolt, thunthu n'kutsala m'chemba, ndipo mpweya wamoto umabwerera cha kumaso.

Chofunika ndi kubweza phewa mamilimita 0.05 okha, omwe ndi mainchi 0.002. Pa mfuti yodzilowetsera yokha zipolopolo amabweza 0.003 mpaka 0.004, koma ya bolt 0.002 ndi yokwanira. Kachitidwe kake ndi aka.

Pezani headspace comparator, kachitsulo kobowola komangirira pa vernier. Ka .308 bowo lake ndi mainchi 0.400, kamakhala pakati pa phewa. Tengani makoko asanu oombedwa m'mfuti yanu, chotsani mapulaima kaye popanda kufinya thunthu, chifukwa pulaima woombedwa amatha kutukuka pang'ono n'kunamiza muyezo. Yezani onse asanu kuchokera patsinde kufika paphewa, mulembe lalitali kwambiri. Imeneyo ndiye nambala yanu. Khoko loombedwa kamodzi nthawi zina limakhala lisanadzaze chemba chonse, ndiye mudzayezenso likaombedwa kachiwiri.

Tsitsani dayi igunde shell holder, kenako muibweze m'mwamba kuzungulira kamodzi. Pakani khoko mafuta, lifinyeni, yezani. Musadabwe mukaona nambala yakwera m'malo motsika. Dayi ikafinya thunthu isanafike paphewa, phewa limatukukira kutsogolo. Pitirizani kutsitsa pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe ambiri amapitirira: mazinga a dayi ndi 14 pa inchi, ndiye kuzungulira kamodzi ndi mamilimita 1.81. Mamilimita 0.05 ndi madigiri 10 okha, kuchepera pomwe muvi wautali wa wotchi umayenda pa mphindi ziwiri. Kotala ya kuzungulira ndi pafupifupi theka la milimita, kuchulukitsa kasanu ndi kanayi zomwe mukufuna. Lembani kamzere ndi cholembera pa dayi ndi pa puresi kuti muziona kusunthako. Pa sitepe iliyonse gwiritsani khoko lina, chifukwa khoko lofinyidwa kawiri motsatizana limabwerera mosiyana ndi lofinyidwa kamodzi. Nambala ikatsika ndi mainchi 0.002, mangani mphete ya dayi, yesani makoko ena atatu, ndipo shell holder imeneyo isasiyanenso ndi dayi imeneyo. Yina ingasiyane kutalika pang'ono n'kusokoneza zonse.

Kenako lowetsani khoko lopanda kanthu m'mfuti. Bolt itseke bwino popanda kuikakamiza.

Mafuta apakeni mopyapyala pathunthu, pang'ono m'kati mwa khosi, koma paphewa ayi. Mafuta ochuluka paphewa alibe kothawira, amasiya timaenje. Timaenjeto timawongoka poomba koma timatopetsa mkuwa. Kusapaka n'koipa kuposa: khoko limakanirira m'dayi, mkombero n'kung'ambika, tsiku lonse n'kuthera pobowola ndi kukoka. Mukamaliza pukutani mafuta onse. Khoko la mafuta silikakamira chemba, mphamvu yonse imakathera pa bolt.

Kuti mudziwe ngati kukokeka kwayamba, wongolani kawaya komangira mapepala, pindani nsonga yake mamilimita awiri ngati kambedza, muinole. Lowetsani mpaka pansi n'kumakanda khoma pokwera. Khoma labwino limakhala losalala. Mukamva kambedza kakugwa m'kangalande, pakati pa mamilimita 6 ndi 12 kuchokera patsinde, khokolo latha. Kunja kumaoneka kamzere kowala kozungulira pamalo omwewo. Musakasokoneze ndi chizindikiro chomwe dayi imasiya pomwe imalekezera, chimenecho chimakhala chotambalala komanso chosawala kwambiri. Ngati mukukayika, dulani limodzi chamlitali ndi sowo ya zitsulo muone ndi maso. Mukapeza awiri kapena atatu otere m'gulu limodzi, gulu lonselo lapita, popeza onse ayenda ulendo umodzi.

MlenjeWakale:

A Tsinde, pa za phewa tili limodzi. Pomwe ndikusiyana nanu pang'ono ndi poti simunatchule kufinya khosi lokha. Ena masiku ano amakunyoza, koma kuli ndi malo ake. Dayi ya khosi lokha, monga collet ya Lee, siikhudza thunthu kapena phewa, sifuna mafuta, ndipo khoko silitalika msanga. Pa mfuti ngati .303 British ya Lee-Enfield, imene chemba chake n'chotakasuka ndipo bolt imatsekera kumbuyo, imeneyi ndiyo njira yopulumutsira makoko. Mukamawabweza thunthu lonse, ena amaduka asanakwane kanayi. Pa .308 ya a Mphalapala ingagwire kawiri kapena katatu, kenako bolt imayamba kulimba chifukwa mkuwa ukamauma sumabwerera ukafufuma, ndiye mumayenerabe kubweza phewa. Koma zopita nazo kutchire, pamenepo ndikuvomera, zikhale za full-length. Fumbi la ku Limpopo kapena ku Kalahari likalowa m'chemba, khoko lothina limakana kutseka nthawi yomwe nyama yovulala ikufuna chipolopolo chachiwiri. Ndipo khoko lofinyidwa khosi lokha ndi la mfuti imodzi basi, musabwereke mnzanu.

Tsopano kutalika. Khoko la .308 lisapitirire mainchi 2.015, omwe ndi mamilimita 51.18. Podula timadula pa 2.005, kapena mamilimita 50.93. Yezani mutafinya kale, osati musanafinye, chifukwa kufinyako ndi komwe kumatalikitsa. Khosi likatalika kupitirira malo ake, pakamwa pamalowa pomwe chemba chimayamba kuchepa, n'kupanidwa pa mutu wa chipolopolo. Mutuwo umachedwa kumasuka, pulesha n'kukwera mwadzidzidzi ngakhale wonga uli womwe uja wa masiku onse. Mukadula, palani pakamwa m'kati ndi kunja, kuzunguliza kawiri kapena katatu mopepuka. Cholinga n'kuchotsa tizidutswa kuti tisakande mutu polowa, osati kusongola pakamwa ngati mpeni. Lembani nthawi iliyonse mwadula. Gulu lomwe lafuna kudulidwa kanayi kapena kasanu latulutsa mkuwa wambiri kutsinde, ngakhale kambedza kasanamve kanthu.

Njira ina imene khoko limafera ndi malo a pulaima. Gwiritsani chida cha m'manja poika mapulaima kuti chala chizimva. Pulaima azilowa mokana pang'ono, n'kukhazikika pansi, nkhope yake itsike pang'ono kuposa tsinde, pafupifupi mamilimita 0.1. Mukaona walowa ngati chala m'phala, tsinde lafutukuka. Zikatero mpweya umadutsa m'mbali, mumaona mwaye kuzungulira pulaima, ndipo pakapita nthawi umadya nkhope ya bolt n'kusiya kamphete ka timaenje. Tsinde lofutukuka silibwezeka ndi dayi iliyonse. Likamasuka pa ulendo wachisanu ndi chitatu kapena wakhumi, ndi ukalamba. Likamasuka pa wachiwiri kapena wachitatu, khoko silinalakwe, wonga wanu wachuluka. Onaninso zizindikiro zinzake: bolt yolimba potsegula, ndi kachidindo kowala patsinde pomwe mkuwa unalowa m'bowo la ejector, kachitsulo kotulutsa khoko. Mukaona zimenezo lekani kuomba, tsitsani muyezo. Miyezo muzitenga m'mabuku a opanga wonga, monga matebulo a Somchem, osati pakamwa pa munthu.

Ndiye kangati? Nambala yokhazikika palibe. Pa .308 ya muyezo wapakati, phewa likubwezedwa 0.002, makoko wamba amafika kasanu ndi katatu mpaka kakhumi asanayambe kung'ambika khosi. Abwino kwambiri, owotchedwa khosi nthawi ndi nthawi, amapitirira 15. Muyezo wokwera ndi dayi yotsitsidwa mpaka pansi, kanayi n'kovuta. Chofunika n'chakuti gulu liziyenda limodzi. Makoko 60 anuwo akhale m'bokosi lawo, onse aombedwe musanadzaze ena mwa iwo, ndipo pachivundikiro pakhale pepala: aombedwa kangati, adulidwa kangati, awotchedwa liti.

Mawu amodzi a lamulo, popeza muli kuno. Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzazira mfuti yake yomwe ili pa laisensiyo. Malire ndi zipolopolo 200 ndi mapulaima 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha muli ndi udindo wa dedicated hunter kapena dedicated sports person. Choncho ngakhale thumba lonse litakhala labwino, kudzaza 300 nthawi imodzi kungakulowetseni m'mavuto. Limeneli ndi lamulo la South Africa, musalitengere ku dziko lina.

Mphalapala308:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndasankha usiku wathawu. Achitsulo 12, a Berdan 47, a .243 asanu ndi limodzi, a mawanga ndi opindika pakamwa 30 ndi kanthu. Gulu lalikulu lotsala ndi la Winchester, 84, ndipo ambiri akuoneka oombedwa kamodzi. Kambedza kapeza kangalande mwa atatu a Federal.

Mafunso awiri otsala. Akudawa ndingawapukute ndi Brasso, mankhwala owalitsira mkuwa? Nanga kuwotcha khosi komwe a MlenjeWakale atchula kumachitika bwanji, ndipo n'kofunikadi kwa ine? Ngati n'kwabwino kungogula atsopano, ndiuzeni ndigule ati.

Namkuwa:

Brasso ayi, achimwene. Muli amoniya, ndipo amoniya ndi mdani wa mkuwa womwe uli wokokeka, monga khosi lomwe lagwira mutu wa chipolopolo. Amalowa pakati pa timbewu ta chitsulocho n'kuyambitsa ming'alu yosaoneka, imene imadzatseguka patapita miyezi. Asilikali a Britain anaziona ku India: zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nthawi ya mvula zinkang'ambika makosi zokha, ndipo chinadzapezeka kuti ndi amoniya wochokera mu mkodzo wa akavalo. Pa chifukwa chomwecho musasunge makoko pafupi ndi feteleza, khola, kapena mankhwala otsukira mpope ochotsa kopa, chifukwa ambiri a iwo ali ndi amoniya.

Kuwala sikuwonjezera kanthu pa kuomba. Timatsuka kuti mchenga usakande dayi ndi kuti ming'alu ioneke. Ngati mulibe makina, chotsani mapulaima, ikani makoko m'botolo, thirani lita imodzi ya madzi ofunda, kasupuni kakang'ono ka citric acid ndi dontho la sopo wotsukira mbale. Khutchumulani, siyani mphindi 10 mpaka 15, tsukuluzani katatu ndi madzi oyera. Asidi akachuluka kapena akagonera, makoko amatuluka ofiirira, kusonyeza kuti wayamba kudya zinki. Ngati muli ndi makina ozungulira a timapini ta stainless, ola limodzi kapena awiri n'lokwanira. Kupitirira apo pakamwa pamagundanagundana n'kupindikira m'kati. Mukatulutsa unikani lililonse, timapini tiwiri timakonda kupanikizana m'kabowo ka moto. Yanikani padzuwa tsiku lonse pakamwa pataloza pansi, kapena mu uvuni wosapitirira madigiri 90. Dontho limodzi lotsala m'malo a pulaima limapha pulaima. Madzi akudawo ndi fumbi la makina ouma zili ndi mtovu wochokera m'mapulaima, choncho valani magolovesi, ndipo musachitire m'khitchini kapena pomwe ana amasewera.

Kuwotcha khosi. Mkuwa ukamapindidwa n'kuwongoledwa umauma, ngati waya womwe mukuupinda uku ndi uku mpaka uthyoke. Khosi limafufuma poomba, limafinyidwa m'dayi, n'kufutukulidwanso ndi kampira ka m'dayi kotchedwa expander. Likauma pamachitika ziwiri: limang'ambika chamlitali, ndipo lisanang'ambike limagwira mutu mosiyanasiyana, lina mwamphamvu lina mofooka, zipolopolo n'kumamwazikana m'mwamba ndi pansi pa chandamale chakutali. Mumazimva pa chogwirira cha puresi poika mitu, komanso phewa limayamba kukana kubwerera pa dayi yomwe simunaisunthe. Kutentha kumabwezeretsa kufewa.

Chowotchedwa ndi khosi ndi phewa basi. Tsinde analiumitsa dala ku fakitale ndipo liyenera kukhala choncho. Khoko likhale lopanda pulaima ndi lopanda wonga, unikani kawiri. Njira yotsika mtengo ndi tochi ya gasi, drill, ndi soketi yakuya imene khoko limalowamo n'kutsala phewa ndi khosi kunja. Soketiyo imatchinga tsinde. Gulani utoto woyezera kutentha wa Tempilaq wa 750°F, pafupifupi madigiri 400 a Celsius, mupake m'kati mwa khosi la makoko oyesera. Wina wa 450°F mupake chamlitali pathunthu. Zungulizani khoko, nsonga ya lawi la buluu iloze pomwe khosi likumana ndi phewa, muwerenge masekondi mpaka utoto wa m'khosi usungunuke. Pa .308 zimakhala masekondi ochepa, cha m'ma 5 mpaka 8 malinga ndi lawi lanu. Wa pathunthu usasungunuke kupitirira theka la khoko. Nthawi imeneyo ndiyo muzitsata pa onse, lawi ndi mtunda zisasinthe. Poyesera gwiritsani a Federal otayidwa aja. Khosi likafiira ngati khala m'chipinda chowala, mwapitirira, ndipo limakhala lofewa moti silingagwirenso mutu. Kuponya m'madzi sikuumitsa mkuwa monga kumachitira ndi chitsulo, kumangoletsa kutentha kutsikira kutsinde. Wotchani kaye, kufinya pambuyo.

Kodi n'kofunika kwa inu? Pa nyama ya pa mamita 200, ayi, osati pano. Yambani kuganizira pa ulendo wachinayi kapena wachisanu. Kuwotcha kosalingana n'koipa kuposa kusawotcha.

Tsinde7x57:

A Winchester 84 amenewo ndi okwanira kuphunzirira ndi kuombera chandamale. Popeza anachokera m'mfuti zosiyanasiyana, ulendo woyamba wokha afinyeni onse mpaka alowe m'chemba chanu mosavuta, muwadule kutalika kumodzi, muwaombe ndi muyezo woyambira. Akatuluka apo atenga thupi la mfuti yanu, ndiye muyambe za 0.002 zija. Lomwe likukana kutseka ngakhale phewa lafika pa nambala yanu ndiye kuti lafufuma kutsinde, lichotseni m'gululo. A PMP 60 akhale a kutchire. A Federal asungeni oyesera moto basi. Atatu mwa iwo aonetsa kale kuti gululo linadzazidwapo kambiri.

Mukafuna kugula, Lapua, Norma ndi Peterson ndi omwe oombera mipikisano amathamangira, chifukwa makosi ake ndi olingana kukhuthala ndipo malo a pulaima amachedwa kumasuka. Mtengo ndi wokwera, koma muugawe ndi maulendo omwe adzadzazidwe musanaweruze. Gulani 100 a nambala imodzi ya lot, yolembedwa pabokosi, osati 50 lero ndi 50 chaka chamawa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi pa Lapua. Ali ndi .308 ziwiri. Wamba amatenga pulaima wamkulu wa mfuti, wa mainchi 0.210. Olembedwa Palma amatenga wamng'ono, wa 0.175, ndipo kabowo ka moto ndi ka mamilimita 1.5 m'malo mwa 2. Kapini ka madayi ambiri n'konenepa kuposa pamenepo, kamakanirira kapena kukulitsa bowolo. A Palma anapangidwira mipikisano ya kutali. Kwa mlenje wodzuka m'mamawa wa June ku Free State, pulaima wamkulu amayatsa wonga modalirika m'chisanu, ndiye tengani wamba. Okutidwa ndi nickel, oyera ngati siliva aja, sachita dzimbiri m'lamba wachikopa, koma makosi ake amang'ambika msanga ndipo tizidutswa ta nickel tikasupuka timakanda dayi.

Atsopano safuna zambiri. Unikani kabowo ka moto ka lililonse, dutsitsani expander m'khosi kuti muwongole omwe anapindika m'bokosi, palani pakamwa, yesani angapo m'chemba. Musabweze phewa la khoko latsopano, limabwera kale lalifupi.

Otayidwa onse, a Berdan, a mawanga ndi a kangalande, aphwanyeni pakamwa ndi pulayala musanawaike m'chidebe cha zitsulo zakale, kuti wina asawatolenso n'kuwadzaza. Muonetsetse kuti mwa iwo mulibe la pulaima wosaombedwa. Loterolo lipatuleni, mulichotse pulaima pang'onopang'ono pa puresi mutavala magalasi oteteza maso.